Mmene mungasankhire zogonera ndi zofunda za kumsasa m'chigawo cha Tete

Anthu ambiri amene amakagona kumsasa, kaya ndi pa msonkhano wa mpingo, pa ulendo wa achinyamata wokwera phiri la Dómuè, kapena pa ulendo wokawedza ku Cahora Bassa, amabwerako akudandaula kuti tulo sanatione. Madzulo zonse zimaoneka kuti zili bwino, koma m'bandakucha munthu amadzidzimuka msana utazizira, chiuno chikuwawa, bulangete litanyowa ndi mame, ndipo amangodzuka n'kukakhala pamoto kudikira kuti kuche. Akabwerera kunyumba amaganiza kuti mabulangete ndiwo anachepa, choncho ulendo wotsatira amanyamula ochuluka, koma amazizidwabe chimodzimodzi.

Kawirikawiri vuto limachokera pa zinthu ziwiri. Choyamba, munthu amaganizira zofunda zokha n'kuiwala zoyala, chonsecho dothi ndilo limamwa kutentha kwa thupi usiku wonse. Chachiwiri, amasankha zofunda poyang'ana nyengo ya kumene akuchokera m'malo moyang'ana ya kumene akagone, pamene chigawo chathu chili ndi nyengo ziwiri zosiyana kwambiri, ya kumtunda ndi ya kuchigwa. Malangizo awa akutsata zinthu ziwirizi kuyambira pogula mpaka poyala.

## Zofunika kukhala nazo

- Lona kapena pepala lapulasitiki lokhuthala, lotalika ndi lotambalala kuposa thupi lanu
- Mphasa kapena mkeka
- Siponji yolimba yosamwa madzi, kapena makatoni angapo ngati siponji palibe
- Thumba logonamo, lomwe m'masitolo limalembedwa kuti sleeping bag kapena saco-cama, apo ayi mabulangete awiri kapena atatu
- Nsalu ziwiri zazikulu, kaya zitenje kapena akapulana
- Neti yonyikidwa m'mankhwala ndi chingwe chomangira
- Chipewa choluka, masokosi, juzi ndi buluku zogonera zokha
- Matumba apulasitiki akuluakulu osabooka
- Mapini akuluakulu anayi kapena asanu, tochi, ndi botolo lolimba lotseka bwino

Sikuti zonsezi muzinyamula pa ulendo uliwonse. Gawo loyamba ndilo likuuzeni zotenga ndi zosiya.

## 1. Dziwani kumene mukagone ndi mwezi wake

Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pamalo osafika mamita 200 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 masana. Ulónguè ili pamwamba pa mamita 1,200, ndipo nsonga ya phiri la Dómuè imapitirira mamita 2,000. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera. Izi zikutanthauza kuti munthu wokwera chapa (minibasi) ku Tete m'mawa atavala malaya okha akhoza kufika ku Angónia kapena ku Tsangano madzulo n'kupeza anthu atavala majuzi ndi zipewa. Mu Juni ndi Julayi, usiku wa kumtundako umatsika pansi pa madigiri 10, ndipo m'madambo ndi pamwamba pa mapiri umatsika kuposa pamenepo, pamene m'chigwa miyezi yomweyo usiku umangokhala wozizira bwino.

Choncho musanagule kanthu, dzifunseni mafunso atatu: mukagona kumtunda kapena kuchigwa, mwezi wanji, ndipo katunduyo mudzasenza pamsana kapena adzayenda pagalimoto. Amene akupita ku Angónia, Tsangano kapena Macanga pakati pa Meyi ndi Ogasiti akonzekere chisanu chenicheni. Amene akupita m'mbali mwa Zambezi kapena ku Mágoè m'chilimwe adere nkhawa udzudzu ndi kutentha, ndipo nsalu imodzi ndi neti zimukwanira. Songo ili pamwamba pa mapiri ngakhale kuti damu la Cahora Bassa lili munsi mwake, kotero wogona kumeneko asaganize kuti nyengo yake ndi ya mumzinda wa Tete. M'nyengo yadzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, mdani wamkulu kulikonse ndi madzi.

Chenjezo: musayese usiku poona masana. Masiku a Juni amene kumwamba kulibe mtambo, dzuwa limawomba bwino masana, koma usiku wa masiku omwewo ndiwo umazizira kwambiri, chifukwa palibe mitambo yotchinga kutentha kochoka m'nthaka. Ngati mungathe, funsani munthu wokhala kumaloko kuti amafunda mabulangete angati m'nyumba mwezi umenewo, ndipo inu muwonjezerepo limodzi.

## 2. Yambani ndi zoyala pansi

Gawo ili ndilo ndikufuna kuti mulimvetse kuposa ena onse. Bulangete limafunditsa chifukwa limasunga mpweya pakati pa ulusi wake, ndipo thupi limatenthetsa mpweya umenewo. Mbali ya bulangete imene mwaigonera imaphwatalala, mpweya umachokamo, ndipo imasiya kugwira ntchito. Zimenezi zimachitikanso ndi thumba logonamo ngakhale likhale lodula chotani. Dothi silitopa kumwa kutentha, moti munthu wofunda mabulangete anayi koma atagona pa mphasa yokha amazizidwa kuposa wofunda awiri amene wagona pa siponji.

Zoyala zili ndi ntchito zitatu, ndipo ntchito iliyonse ili ndi chinthu chake.

Pansi penipeni pamakhala lona kapena pepala lapulasitiki, lomwe ntchito yake ndi kutchinga chinyezi. Ngakhale dothi lioneke louma masana, usiku limatulutsa chinyezi, makamaka pa udzu ndi pafupi ndi madzi. Pamwamba pa lona pamabwera mphasa kapena mkeka, womwe umateteza siponji ku timiyala ndi ziputu. Mkeka ndi wosavuta kunyamula chifukwa ndi wopepuka ndipo umakulungika, pamene mphasa ndi yabwino ngati pali galimoto. Pomaliza pamakhala chotchinga kuzizira, ndipo apa ndi pamene pamafunika kusankha mosamala.

Siponji yolimba yopyapyala, yosamwa madzi, yomwe imakulungidwa kapena kupindidwa, ndiyo ndimalimbikitsa kwa aliyense amene akuyamba kumene. Siyibooka, siyiphwa, ndi yopepuka, ndipo ikanyowa mumangoipukuta. Kuti muizindikire, ithireni madzi pang'ono: madzi akangoyenderera pamwamba osalowa, ndiyo imeneyo. Siponji yofewa yopangira matiresi a m'nyumba imagonetsa bwino kuposa yolimba, koma imamwa madzi ndipo imachedwa kuuma, choncho itengeni pokhapokha muli ndi lona lodalirika ndiponso malo pagalimoto. Yokhuthala masentimita 5 ndi yokwanira.

Matiresi opopa ndi mpweya amakopa anthu chifukwa ndi ofewa, koma ali ndi mavuto awiri. Ambiri a iwo mkati mwake mulibe chilichonse koma mpweya, ndipo mpweyawo umazizira ndi dothi n'kumakuziziritsani kumsana usiku wonse. Vuto lachiwiri ndi minga. M'chigwa muli mitengo ya masawu ndi mitengo ina yaminga paliponse, ndipo munga umodzi wokha ndi wokwanira kuti mudzuke muli pa dothi. Ngati muli nawo kale matiresi oterewa, yalani bulangete kapena siponji pamwamba pake kukazizira, ndipo munyamule zomatira. Bedi lopinda nalonso limalola mphepo kudutsa pansi, kotero ndi labwino m'chigwa nthawi yotentha, koma kumtunda limafuna choyala chokhuthala pamwamba.

Pa zogonera zina za m'masitolo pamalembedwa nambala yotchedwa R-value, yomwe imasonyeza mphamvu yotchinga kuzizira. Nambala ikakula, chogoneracho chimatchinga kwambiri. Siponji yolimba wamba imakhala pafupi ndi 2, ndipo pa usiku wozizira wa kumtunda ndi bwino kufika pa 3 kapena 4. Ubwino wake ndi wakuti nambalazi zimaphatikizana, moti masiponji awiri osanjikiza amaposa imodzi pafupifupi kawiri.

Amene alibe ndalama zogulira siponji asataye mtima. Makatoni awiri kapena atatu osanjikiza amatchinga kuzizira bwino ndithu malinga akhale ouma, ndipo udzu wouma woyalidwa mochindikala pansi pa mkeka umachita chimodzimodzi. Udzuwo muukutumule kaye kuti tizilombo tichoke, ndipo malo ogonawo atalikirane ndi moto.

Chenjezo: lona lisatulukire kunja kwa tenti. Mbali yotulukirayo imalandira mvula kapena mame otsika padenga n'kuwatsogolera pansi pa zogonera zanu. Lipindireni mkati kuti m'mphepete mwake mubisike.

## 3. Sankhani pakati pa thumba logonamo ndi mabulangete

Thumba logonamo limaposa mabulangete pa chinthu chimodzi chachikulu: silisiya mipata yolowera mphepo munthu akamatembenuka. Ndi lopepukanso, kotero wokwera phiri wapansi ayenera kuliganizira. Mabulangete ubwino wake ndi wakuti alipo kale m'nyumba, ndipo mukhoza kuchotsa kapena kuwonjezera malinga ndi usikuwo.

Pogula thumba, yang'anani zinthu izi. Matumba oyesedwa motsata muyezo wa EN 13537 kapena wa ISO 23537 amakhala ndi manambala atatu. Nambala yolembedwa kuti comfort ndiyo imasonyeza kuzizira kumene munthu womva chisanu msanga angagone bwino. Ya limit ndi ya munthu wolimba chisanu amene wagona atadzipinda. Ya extreme ilibe ntchito posankha, chifukwa imangonena malire amene munthu angapulumuke imfa kwa maola ochepa, osati kugona tulo. Ogulitsa ambiri amaloza nambala yomalizayi chifukwa ndi yotsika ndipo imachititsa chidwi, koma inu muwerenge ya comfort, ndipo ikhale yotsika ndi madigiri angapo kuposa usiku umene mukuyembekeza. Wopita kumtunda mu Julayi afune thumba la comfort ya madigiri 5 kapena kutsikirapo. Kumbukiraninso kuti manambalawa amayesedwa thumba litaikidwa pa choyala chabwino, ndipo thumba lakale silifunditsanso monga linkachitira lili latsopano.

Za mkati mwa thumba zili mitundu iwiri. La nthenga za abakha kapena atsekwe ndi lopepuka ndi lofunda kwambiri, koma likanyowa nthengazo zimamatana ndipo limasiyiratu kufunditsa. La ulusi wa poliyesitala ndi lolemererapo, koma limafunditsabe pang'ono likachita chinyezi, limauma msanga, ndipo ndi losavuta kuchapa. Kwa ife amene timakumana ndi nkhungu ndi mame a kumtunda, ndiponso mvula yadzidzidzi, la poliyesitala ndilo losankha. Thumba lopapatiza kumiyendo lokhala ndi chophimba kumutu limafunda kuposa lamakona anayi, chifukwa mpweya woti thupi litenthetse umachepa. Komabe lamakona anayi limatseguka lonse n'kukhala ngati bulangete, choncho ndi labwino kwa munthu amene amagona kuchigwa nthawi zambiri. Lowanimo musanagule. Mapazi akamakankha kumapeto, thumbalo ndi lalifupi ndipo zala zidzazizira.

Ngati mwasankha mabulangete, kulemera kwake kusakupusitseni. Mabulangete akuluakulu onyezimira a maluwa aja amafunda m'nyumba, koma ndi olemera, amadzaza chikwama, ndipo akanyowa satheka kunyamula. Awiri apakatikati amaposa limodzi lolemera chifukwa pakati pawo pamatsala mpweya. Bulangete la ubweya wa nkhosa ndi labwino koposa, popeza limafunditsabe likachita chinyezi ndipo silipsa msanga ndi nthethe za moto. La fleece, nsalu yofewa ya poliyesitala, ndi lopepuka ndipo limauma msanga, koma mphepo imadutsamo ndipo limasungunuka likakhudza moto, kotero likhale mkati, lina lolukidwa mothinana likhale kunja. Zofunda zathonje zimamwa thukuta ndi mame n'kukhala zozizira, choncho ndi za nyengo yotentha basi.

Mabulangete awiri angathe kugwira ntchito ya thumba mukawapinda motere:

1. Yalani bulangete loyamba lonse pamwamba pa siponji, theka lake litulukire kumanzere.
2. Yalani lachiwiri pamwamba pake, koma theka lake litulukire kumanja, kuti pakati pakhale posanjikizana.
3. Gonani pakatipo, kenaka kokerani theka lakumanzere pamwamba panu, ndipo lakumanja libwere pamwamba pa limenelo.
4. Pindirani pansi mbali yakumapazi ndi kuimanga ndi mapini akuluakulu.

Mukatero mumakhala ndi magawo awiri pansi ndi awiri pamwamba, ndipo mbali zonse zimatsekeka.

## 4. Yang'anani bwino za kaunjika ndi kuzichapa

Ambiri a ife zofunda timagula pa kaunjika, kaya kumsika wa Kwachena mumzinda wa Tete, ku Ulónguè, kapena m'misika ya m'malire ngati Zóbuè ndi Lizulu, ndipo kumeneko kumapezeka zinthu zabwino kwa munthu wodekha. Tengani thumba kapena bulangete n'kuliyang'anitsa padzuwa. Pamene kuwala kukudutsa kwambiri ndi pamene za mkati zatha kapena zaunjikana mbali imodzi. Tsegulani ndi kutseka zipi kangapo kuchokera kumapazi mpaka kumutu, chifukwa zipi yowonongeka imasandutsa thumba kukhala bulangete wamba. Lifinyeni ndi kulisiya. Labwino limafufuma msanga, lotha ntchito limakhala lophwatalala. Nunkhizani, ndipo la fungo la nkhungu mulisiye. Pomaliza tsegulani misoko ndi kuyang'ana timadontho takuda kapena timazira toyera, zomwe ndi zizindikiro za nsikidzi.

Chilichonse chogulidwa pa kaunjika chichapidwe musanachigonere. Madzi otentha madigiri 60 amapha nsikidzi, nsabwe ndi mazira ake, ndipo nsalu zathonje ndi mabulangete ambiri a poliyesitala amapirira kutentha kumeneko. La ubweya wa nkhosa limafota m'madzi otentha, choncho lichapeni m'madzi ofunda pang'ono, osalipotokola. Thumba logonamo lichapidwe ndi sopo wochepa, litsukuluzidwe kangapo, ndipo liume mpaka mkati musanalipinde.

Chenjezo: yanikani pachingwe, padzuwa, osati pa udzu kapena pa dothi. M'nyengo yamvula pali ntchentche zimene zimaikira mazira pa nsalu zonyowa ndi pa dothi, ndipo mphutsi zake zimalowa m'khungu. Nsalu zotheka kusita muzisite.

## 5. Musasiye neti

Udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku, ndipo m'mbali mwa Zambezi ndi nyanja ya Cahora Bassa umapezeka wambiri. Ngakhale kumtunda, neti isatsale, kupatula m'miyezi yozizira kwambiri. Ngati tenti yanu ili ndi sefa, yang'anani ngati siyinabooke, ndipo musoke pobooka musananyamuke. Ngati mukagona pansi pa lona, mumsasa wa udzu kapena pamtetete, mangani neti pa nthambi kapena pa timitengo, ndipo m'mphepete mwake mupisire pansi pa siponji kuzungulira konse. Neti yopisiridwa bwino imatchinganso zinkhanira, akangaude ndi nyerere. Ikhale yotakasuka kuti mkono kapena bondo lisaigunde, chifukwa udzudzu umaluma kudzera pa neti yokhudza khungu.

## 6. Patulani zovala zogonera

Zovala zimene mwayenda nazo tsiku lonse zimakhala ndi thukuta ngakhale zioneke zouma, ndipo chinyezi chimenecho ndicho chimakuziziritsani pakati pa usiku. Sungani juzi, buluku ndi masokosi ouma m'thumba lapulasitiki, ndipo muzivale pokagona pokha. Chipewa choluka ndi chofunika kwambiri kumtunda, popeza mutu ndi khosi ndizo zimatsala pamtunda thupi lonse litafundidwa. Masokosi asakhale othina, chifukwa othina amachepetsa kuyenda kwa magazi ndipo mapazi amazizira koposa.

Mtsamiro simufunika kunyamula. Kulungani zovala zotsala m'chitenje, ndipo wogona chammbali aukweze mpaka khosi liwongoke. Chitenje chachiwiri chikhale mkati mwa thumba kapena mwa mabulangete. Chimawonjezera kufunda pang'ono, chimateteza zofunda ku litsiro, ndipo usiku wotentha chimakwanira pachokha.

## 7. Yesani kunyumba, kenaka longedzani

Usiku umodzi ulendo usanafike, yalani zonse pakhonde kapena pabwalo ndi kugonapo. Pamenepo ndi pamene mudzadziwe ngati siponji ndi yaifupi, ngati matiresi akuphwa, kapena ngati chiuno chikugunda pansi, ndipo mudzakhala ndi nthawi yokonza. Amene amakhala kuchigwa akumbukire kuti kuyesaku kukuwauza za kufewa kokha, osati za kufunda kumene kudzafunike kumtunda.

Polongedza, zofunda zilowe kaye m'thumba lapulasitiki, mufinye mpweya, mupotokole kukamwa ndi kumanga, kenaka ndiye zilowe m'chikwama kapena m'saka. Katundu wokwezedwa pamwamba pa chapa kapena kumbuyo kwa lole amakumana ndi fumbi, mvula, ngakhale mafuta otayika. Zofunda zisayandikane ndi chigubu cha madzi, palafini kapena nsomba.

## 8. Sankhani malo ndipo yalani dzuwa lisanalowe

Mpweya wozizira ndi wolemera, ndipo usiku umatsetsereka kuchoka m'mapiri n'kukadikha m'madambo monga madzi amachitira. N'chifukwa chake alimi a ku Angónia amaona mbewu za kudimba zikupsa ndi chisanu pamene za kumtunda zili bwino. Musamange msasa m'dambo kapena pansi penipeni pa chigwa, ngakhale malowo aoneke athyathyathya ndi a udzu wofewa. Musamangenso pamsonga pa phiri pomwe mphepo imawomba mosatchingidwa. Malo abwino ndi okwera pang'ono, ouma, otchingidwa ndi thanthwe kapena tchire kumbali yochokera mphepo, yomwe m'nyengo yachisanu nthawi zambiri imachokera kum'mwera chakum'mawa. Pansi pa mtengo wamasamba mame amachepa, koma yang'anani kaye kumwamba ngati kulibe nthambi zouma.

M'mbali mwa mtsinje ndi nyanja, talikiranani ndi madzi chifukwa cha ng'ona, ndipo musagone panjira imene mvuu zimadutsa usiku popita kukadya. M'paki ya Mágoè ndi madera ena a nyama zakutchire, gonani pokhapo pamene oyang'anira akulozerani. Mchenga wa mumtsinje wouma ndi wofewa, koma m'dzinja madzi amatha kubwera mwadzidzidzi kuchokera kumene mvula yagwa kutali.

Mukapeza malo, sesani miyala, ziputu ndi minga, ndipo muyang'ane ngati palibe una, chulu kapena mzere wa linthumbu. Chiswe chimatha kuboola mkeka ndi makatoni usiku umodzi, chomwe ndi chifukwa china choyalira lona pansi. Ngati malo ndi otsetsereka pang'ono, mutu ukhale kumtunda. Pa dothi lolimba, palani kadzenje kosaya pamene chiuno chidzakhale musanayale lona; kadzenje kameneka kamachepetsa kwambiri kuwawa kwa chiuno kwa wogona chammbali. Yalani zonse motsatana, kutumulani thumba kuti lifufume, ndipo mulitseke kapena kulivindikira mpaka nthawi yogona kuti mame ndi tizilombo zisalowe.

## 9. Lowani m'zofunda thupi lili lofunda

Zofunda sizipanga kutentha, zimangosunga kumene thupi latulutsa. Idyani chakudya chotentha madzulo, monga nsima kapena phala, kodzani musanagone, ndipo ngati mwazizidwa yendani mofulumira kwa mphindi zochepa, koma osafika potuluka thukuta. Botolo la madzi otentha lokulungidwa mu sokosi, loikidwa kumapazi kapena pakati pa ntchafu, limafunditsa kwa maola angapo. Botolo likhale lolimba ndi lotseka bwino. Mabotolo opyapyala a zakumwa amakwinyika ndi madzi owira ndipo angathe kukuwotchani.

Mphuno ndi pakamwa zikhale kunja kwa zofunda, chifukwa mpweya wopuma uli ndi chinyezi chomwe chimanyowetsa mkati. Tenti nayonso isatsekedwe yonse. Siyani kampata kumwamba kuti chinyezi chituluke, apo ayi madontho adzakugwerani m'mawa. Ikani bulangete lapadera pafupi ndi mkono, popeza kuzizira kumafika pachimake dzuwa litatsala pang'ono kutuluka.

Chenjezo lalikulu: musalowetse mbaula, makala oyaka kapena chitofu m'tenti kapena mumsasa wotsekedwa, ngakhale makalawo aoneke kuti akuzima. Amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe suoneka ndiponso sununkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo.

Ana amazizidwa msanga kuposa akuluakulu, choncho apatseni choyala chokhuthala ndi chipewa, ndipo agone pakati osati kukhoma kwa tenti. Khanda lisaikidwe m'thumba la munthu wamkulu ndipo nkhope yake isaphimbidwe. Munthu aliyense amene akunjenjemera mosalekeza, kulankhula mosokonekera kapena kuwodzera modabwitsa chifukwa cha kuzizira, mumuvule zonyowa, mumufunditse pa choyala chouma, mumupatse chakumwa chotentha chotsekemera ngati akutha kumeza, ndipo mufune thandizo lachipatala.

## 10. Yanikani m'mawa uliwonse

Thupi limatulutsa chinyezi usiku wonse, ndipo zofunda zikapindidwa zisanaume zimafunditsa mochepa usiku wotsatira. Tembenuzani thumba, liyanikeni pachingwe kapena pathanthwe kwa ola limodzi, ndipo mukutumule nsapato musanavale chifukwa zinkhanira zimakonda kubisalamo. Mukafika kunyumba, musasunge thumba logonamo litafinyidwa m'kathumba kake kakang'ono. Lipachikeni kapena liikeni m'saka lalikulu pamalo ouma, kuti za mkati zisaphwatalale.

## Zolakwa zimene zimachitika kawirikawiri

Kuunjika mabulangete onse pamwamba. Ngati muli ndi atatu ndipo siponji palibe, limodzi lipindidwe kawiri n'kukhala pansi. Munthu akadzuka akumva kuzizira kumsana kapena kuchiuno, vuto lili pansi, ndipo kuwonjezera pamwamba sikuthandiza.

Kufunda pepala lapulasitiki kapena lona mwachindunji. Limatsekereza thukuta, ndipo pofika m'mawa bulangete limakhala litanyowa kuchokera mkati. Ngati mukufuna kutchinga mame, likungeni pachingwe kuti pakhale mpata pakati pa ilo ndi zofunda.

Kumwa mowa kuti thupi lifunde. Kachasu amachititsa munthu kumva kutentha pakhungu chifukwa magazi amathamangira kunja, koma mkati mwa thupi kutentha kumachoka mofulumira, ndipo woledzera samva kuti wazizidwa mpaka zinthu zitafika poipa.

Kugona moyandikira moto kwambiri. Matumba ogonamo, maneti ndi mabulangete a poliyesitala amasungunuka ndi kathethe kamodzi ndipo amamatirira pakhungu. Mphepo ikasintha usiku, nthethe zimafika patali kuposa mmene munaganizira.

Kuvala zovala zambiri zothina m'thumba. Zimafinya za mkati mwa thumba ndipo zimabweretsa thukuta. Valani zochepa zouma, ndipo jekete muliyale pamwamba pa chifuwa kapena pansi pa chiuno.

Kuyala mdima utagwa. Ndi tochi yokha simungaone minga, mauna ndi njira za nyerere, ndipo pa nthawiyo mame amakhala atayamba kale kugwa. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko madzulo, choncho konzani ulendo kuti mufike pamalo ogona ikamakwana 4 koloko.